Dimba ndi kapinga ku Mangochi popanda mankhwala a m'botolo: njira ziti zikuthandizadi pa mchenga ndi pa makande?

Dothi la kuseri kwa nyumba yanga, ukalitapa masana a mwezi wa Okutobala, sungalifumbate nthawi yaitali. Limatentha ngati phulusa la pamafuwa ndipo limathothoka m'mipata ya zala. Ndi mchenga umene aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja, kuchokera paboma kudzera ku Makawa ndi Nkopola mpaka Monkey Bay, akuudziwa. Mjomba wanga amalima chakufupi ndi nyanja ya Malombe, ndipo dothi lake ndi lina: makande akuda bii, omata kukhasu m'dzinja, ong'aluka ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe. Boma ndi limodzi, koma chimene chimandipindulira ine nthawi zina iye chimamupweteka.

Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi mankhwala opopera zinafika mtengo woti wa dimba laling'ono sangazikwanitse. Ambiri tabwerera ku manyowa, nimu ndi phulusa. Ndi zabwino, koma malangizo amene akuzungulira pa WhatsApp amakamba ngati chilichonse chachilengedwe n'chofanana mphamvu komanso n'chosaopsa. Si choncho. Zina ndayesa n'kuzisiya, zina ndimazidalira chaka ndi chaka, ndipo chimodzi ndimachiopa chifukwa cha nyanja yathuyi.

Kudyetsa nthaka

Ndiyambira pano chifukwa mbewu yanjala ndi imene tizirombo timayamba kuigwira. Mpiru wa pa bedi lodyetsedwa bwino nsabwe zimaugwira ndithu, koma umapirira n'kuphukanso. Wa pa mchenga wopanda kanthu umangopinimbira.

Manyowa a m'khola ndiwo apafupi. Kuno mbuzi zili pafupifupi khomo lililonse, ndipo zitosi zake ndi zouma, zosavuta kunyamula, zosawotcha mbewu msanga. Vuto lake ndi mbewu za udzu zimene mbuzi zinadya: ukathira osawoletsa, wabzala udzu ndi manja ako. Zitosi za nkhuku ndi abakha ndi zamphamvu kuposa za mbuzi, ndipo mphamvu yakeyo ndi imene imapweteka. Chaka china ndinathira zitosi za nkhuku zaziwisi m'mapando a tomato, n'kuwokera mbande madzulo omwewo. Patapita masiku atatu masamba anapsa m'mphepete, tsinde linafota, ndipo nditazula mbande imodzi mizu inali itasanduka yofiirira. Bedi lonse linapita. Kuyambira pamenepo zitosi za nkhuku zimayamba zagona pamulu, zosakaniza ndi masamba ouma, kwa miyezi iwiri kapena kuposera, mpaka fungo lobaya m'mphuno litatha n'kumanunkhira ngati dothi la pansi pa mtengo.

Pa manyowa opanga tokha, alangizi amaphunzitsa mitundu ingapo, ndipo apa m'pamene kusiyana kwa dothi kumaonekera. Manyowa a m'dzenje amandiyenera ine wa pa mchenga, chifukwa dzenje limasunga chinyezi ndipo mphepo ya mwera siumitsa zinyalala. Kwa mjomba dzenje lomwelo m'dzinja limasanduka chitsime. Madzi amaima, mpweya sulowa, zinthu zimaola monunkha osapsa. Iye amapanga a chimato, mulu wa pamtunda womata ndi dothi, n'kusiya chiboo pamwamba chotulukira mpweya ndi chothirirapo madzi. Chimato ndi chabwino kulikonse kotentha chifukwa chimatsekera chinyezi ndipo nkhuku sizifukula. Manyowa a changu amapsa msanga, mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono, koma amafuna kutembenuza pafupipafupi ndi madzi ambiri. Amene mjigo uli kutali ayambe waganiza za ndowa zimene atasenze.

Manyowa a Mbeya atchuka kwambiri, ndipo ndi oyenera kuwanena moona: si achilengedwe okhaokha, chifukwa muli feteleza wa m'thumba. Kasakanizidwe kofala ndi makilogalamu 20 a madeya, 20 a ndowe, 10 a phulusa ndi 10 a feteleza, kuwaza madzi malita 5, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21. Ambiri ophunzitsa amatchula ndowe za nkhumba, koma kuno kumene mabanja ambiri ndi Achisilamu za mbuzi ndi nkhuku zimalowa m'malo bwinobwino. Pa chimanga Mbeya amathandiza kuti thumba limodzi la feteleza lifike patali. Pa dimba la ndiwo ine sindiwasankha, chifukwa amathiridwa pang'onopang'ono paphando ndipo sasintha mchenga kuti uzisunga madzi. Mchenga umafuna zinyalala zoola zochuluka, zonyamula pa wilibala.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene a Mangochi tili nazo zoti a kumapiri a Dedza alibe. Choyamba ndi namasupuni. Udzu uwu ndi mliri mu Shire ndi m'mphepete mwa Malombe, umatseka madooko, umakola maukonde, ndipo ukatsetsereka umakavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula. Koma ukauvuula n'kuuyanika masiku angapo kuti ufote, umaola msanga pamulu ndipo ndi wabwino kuphimbira mabedi. Dziwani chabe kuti gawo lalikulu la namasupuni ndi madzi, choncho ngolo yodzaza imatsala mulu waung'ono. Sakanizani ndi udzu wouma kapena mapesi. Muuvuule ndi ndodo ya ngowe muli pamtunda, chifukwa mmene muli namasupuni ndi momwe mumabisala ng'ona, ndipo madzi odikha a m'mphepete ndi amene amakhala ndi nkhono za likodzo. Musausiye waiwisi pafupi ndi dziwe kapena khwawa, ungamere kumene kunalibe.

Chachiwiri ndi zotsalira za nsomba: matumbo ndi mamba a chambo, usipa umene waonongeka ndi mvula pa thandala, ndi fumbi limene limatsalira pansi pa matumba. Pa zonse zimene ndayesa, palibe chimene chimadzutsa mbewu ngati ichi. Ndimakumba dzenje lofika m'chigongono, kuthira zotsalirazo, kukwirira, n'kudikira masabata atatu ndisanabzalepo maungu kapena papaya. Ukakwirira pamwamba, agalu ndi amphaka afukula usiku womwewo. Nsomba yothira mchere isalowe m'dimba, makamaka kwa amene mjigo wawo umatulutsa kale madzi a mchere, poti mcherewo umaunjikana m'nthaka mpaka kuoneka zoyera pamwamba pa bedi.

Za phulusa ndinene mwachidule. Lili ndi chakudya china cha mbewu, koma lilibe chimene chimabiriwitsa masamba, ndipo likachuluka limaononga nthaka imene si ya asidi. Kawazeni pang'ono, osati kukhuthula chidebe pamalo amodzi.

Amene ali ndi malo okulirapo, njira yoposa zonsezi ndi mtengo wa msangu, umene umakonda dera lathu lino. Umayoyola masamba mvula ikayamba, nthawi imene mitengo ina ikuphuka, motero mbewu za pansi pake zimalandira dzuwa komanso manyowa. Yang'anani chimanga cha pansi pa msangu mu Febuluwale, muone kusiyana kwake ndi cha poyera. Kuipa kwake ndi kuchedwa, zaka zimapita usanaone phindu. Gilisidiya amafulumira ndipo amaphukanso ukamudula, pamene nandolo amakupatsa ndiwo chaka chomwecho uku akugwetsa masamba.

Udzu: khasu, kuphimbira kapena kupopera?

Tisanayambe kulimbana ndi udzu, tiyeni tivomereze kuti wina ndi ndiwo. Bonongwe, chisoso, luni, denje ndi mwamunaaligone zimamera zokha pa bedi la manyowa, ndipo agogo athu ankapalira mozilambalala. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndimakanira mankhwala opha udzu monga Roundup pa dimba la pakhomo. Sasankha, amapha zonse zobiriwira zimene awagwera, ndipo mwera ukamaomba utsi wake umafika pa tomato wa mnzako. M'munda waukulu wopanda aganyu ndimamvetsa chifukwa chimene anthu amawagwiritsira ntchito. Pa mabedi khumi kuseri kwa nyumba, pamene ana amathyolapo masamba, sindiona chifukwa.

Khasu ndi lodalirika ngati ulipeza nthawi yake. Udzu wa masamba awiri umafa ndi kungopalasa pamwamba m'mawa, dzuwa la Mangochi limamaliza ntchito pofika masana. Ukadikira kuti uchite maluwa, wadzisungira ntchito ya zaka zikubwerazi. Koma khasu lolowa kwambiri pa mchenga limatulutsa chinyezi ndi kudzutsa mbewu za udzu zimene zinali mtulo pansi.

Kuphimbira ndiko kumene ndimakuika patsogolo. Udzu wouma wopanda njere, mapesi, masamba a mango, mankhusu a mpunga, namasupuni wofota, chilichonse choyalidwa mochindikala ngati chikhatho. Lowetsani dzanja pansi pa zophimbira masana: dothi limakhala lozizira ndi lonyowa, pamene pambali pake pakupsa. Bedi limene ndinkathirira m'mawa ndi madzulo tsopano limakwana kamodzi, ndipo udzu wambiri sumera chifukwa suona kuwala. Anthu amaopa chiswe, ndipo mantha akewo ndi omveka. Zimene ndaona ine n'zakuti chiswe chikapeza zouma zoti chidye chimasiya mbewu yamoyo, ndipo chimalusa kwambiri pamene pali poyera ndi mbewu yofooka ndi ludzu. Ingosiyani mpata wa zala zinayi kuzungulira tsinde. Pafupi ndi khoma la nyumba kapena nkhokwe musaphimbire. Njoka ndi zinkhanira zimakondanso pozizira, choncho gwedezani ndi ndodo musanapisemo dzanja. Kwa a makande, kuphimbira n'kwa chilimwe. M'dzinja kumasunga madzi opitirira muyeso ndipo mizu imaola, ndiye mjomba amakweza mabedi n'kuchotsa zophimbira mvula ikakhazikika.

Pali mitundu iwiri ya udzu imene siimva njira zimenezi. Dawe amaboola zophimbira ngati singano, ndipo ukamuzula amaduka n'kusiya timbatata take pansi, kamodzi kalikonse n'kudzaphukanso. Njira imene yandithandiza ndi kutipula mu Seputembala ndi Okutobala popanda kuthirira, kuti timbatatato tiume ndi dzuwa, kutola timene taonekera, kenako kubzalapo mbewu yoyanga yotseka pansi monga mbatata, maungu kapena kalongonda. Dawe sapirira mthunzi. Satha chaka chimodzi, koma amachepa mooneka. Kaufiti ndi nkhani ina: amayamwa m'mizu ya chimanga ndi mapira asanatulukire n'komwe, ndipo njere zake zimakhala m'nthaka zaka zoposa 10. Kumuzula asanachite maluwa n'kofunika, koma mankhwala ake enieni ndi chonde komanso kasinthasintha ndi mtedza, soya kapena nandolo. Munda wodzaza maluwa ofiira a kaufiti ukukuuzani kuti nthaka yaguga.

Tizirombo

Apa m'pamene pali malonjezo ambiri onama, choncho ndichedwapo.

Nimu ndiye woyamba, ndipo tili naye m'misewu, m'masukulu ndi m'mizikiti. Mphamvu yake yambiri ili m'njere osati m'masamba. Ndimasinja njere zouma zokwana theka la kilogalamu, kuzinyika m'madzi malita 10 usiku wonse, kusefa ndi kansalu, n'kusungunuliramo kachidutswa ka sopo kuti mankhwala amatirire pa tsamba. Masamba osinja amagwiranso ntchito koma mofooka. Chofunika kumvetsa n'chakuti nimu sapha pompopompo. Amachititsa kachirombo kusiya kudya ndi kulephera kukula. Amene wazolowera kuona mbozi zikugwa akangopopera amaganiza kuti nimu walephera, pamene akungofuna masiku. Dzuwa limamuphwanya msanga, ndiye poperani madzulo, kunsi kwa masamba, ndipo bwerezani sabata iliyonse. Pa nsabwe, ntchentche zoyera ndi mbozi zing'onozing'ono za pa repu ndi kabichi, ndi wodalirika mukayamba msanga.

Ombwe, umene ena amati mthuthu, ndi wamphamvu kuposa nimu ndipo umagwetsa tizirombo mwachangu. Umawonjezeranso chonde. Koma aliyense wobadwira kunyanja akudziwa ntchito ina ya ombwe: ndi wophera nsomba. Poizoni amene amapha mbozi ndi yemweyo amene amaledzeretsa nsomba m'dziwe, ndipo pamadzi safuna wambiri. Dimba likakhala m'mbali mwa Shire, m'dambo lotsetserekera ku Malombe kapena pafupi ndi dziwe la nsomba, ine ndimati musiyeni ombwe. Kutsuka sipuleya padooko ndiye kusayerekeza. Chambo chachepa kale moti asodzi a ku Malombe amadalira tinsomba ta kambuzi, ndipo nsomba za mbuna za ku Cape Maclear ndi zimene zinapangitsa kuti bungwe la UNESCO lizindikire paki ya Lake Malawi mu 1984. Sitingamadzitame kuti tasiya mankhwala a m'sitolo uku tikuthira poizoni wina m'madzi omwewo. Kwa a kumtunda monga ku Namwera kapena Katuli, kutali ndi mtsinje, ombwe ndi wothandiza, bola kuvala kanthu m'manja ndi kudikira masiku angapo musanathyole ndiwo. Dziwaninso kuti akatswiri anapeza kuti ombwe wa m'Malawi muno ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina uli ndi poizoni, wina ulibe. Ngati munapopera osaona kusintha, mwina simunalakwitse kasakanizidwe. Tengani mbewu kwa mlimi amene wake ukugwira ntchito.

Madzi a fodya ndimawakana kotheratu pa ndiwo. Ndi achilengedwe, inde, koma chikonga chimalowa pakhungu, chimapha ndi njuchi zomwe, ndipo fodya amatha kupatsira tomato matenda opiringiza ndi kuchita mawanga masamba. Tsabola wa kambuzi ndi adyo zosinja m'madzi a sopo zimathamangitsa nsabwe kwa masiku ochepa. N'zothandiza pa bedi limodzi kapena awiri, koma yesani pa mbewu zingapo kaye, chifukwa sopo akachuluka amawotcha masamba, makamaka wa ufa wochapira.

Ntchemberezandonda za mtundu watsopano zinatipeza mu nyengo ya 2016 mpaka 2017, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Pa chimanga cha m'dimba, njira ya manja ikadali patsogolo: kuyendera m'mawa kawiri pa sabata, kuphwanya mazira a pa masamba, ndi kuthira mchenga wosakaniza ndi phulusa pang'ono m'kati mwa nsonga mmene mbozi imabisala. Mchenga tili nawo wosagula. Njira ya msuzi wa usipa ndinayamba kuikayikira mpaka nditaiona kwa mayi wina woyandikana naye. Anawiritsa usipa pang'ono, nathira msuziwo utazizira m'nsonga za chimanga madzulo. M'mawa ndinapita kukaona. Nyerere zinali zitapanga mzere kukwera phesi, ndipo pa tsamba lina zinali zikukoka mbozi yamoyo ikuphiriphitha. Anandiuza kuti, "Achimwene, msuziwu supha kanthu, umangoitana eni ake a ntchito." Pa ekala yonse n'zovuta, koma pa mizere ya chimanga chachiwisi zimatheka.

Tomato ndiye amene amayesa munthu. Kangaude wofiira, kachirombo kakang'ono kwambiri koyamwa masamba, amabwera ndi kutentha kwa Seputembala mpaka Novembala, masamba n'kuchita timadontho toyera, kenako ulusi, kenako kuuma. Ambiri amathamangira kukagula cypermethrin, koma mankhwala amenewa sagwira bwino kangaude ndipo amapha tizilombo timene timamudya, ndiye patapita masabata awiri amachuluka kuposa poyamba. Ine ndinagulapo mankhwala a m'kabotolo kopanda chizindikiro kwa wogulitsa wina pamsika, ndipo sindinadziwe chimene ndinapopera pa chakudya cha ana anga. Zimenezo sindidzabwereza. Nimu ndi sopo amachepetsa kangaude mukayamba masamba oyamba akangosintha. Koma chimene chimathandiza kwambiri ndi nthawi: kufesa mu Malichi kapena Epulo kuti mukolole nyengo yozizira, kuzula ndi kutentha mitengo yakale mukangomaliza, ndi kusabzala tomato watsopano pambali pa wakale kapena pa mabilinganya. Ndi chimodzimodzi ndi kambozi ka Tuta kamene kamayenda m'kati mwa tsamba: popeza kamabisala, kuthothola masamba ogwidwa ndi kukwirira zipatso zoboola kumapindula kuposa kupopera.

Pa mchenga palinso mdani wosaoneka. Tomato kapena therere likamafota masana ngakhale mwathirira, zulani limodzi. Mukapeza mizu yotupatupa ngati mikanda, ndi tinyongolotsi ta m'mizu. Palibe chopopera chimene chingathandize. Pumitsani bedilo ndi chimanga, anyezi kapena maluwa a marigold obzala mothithikana kwa nyengo yathunthu, ndipo thirani manyowa ambiri.

Manyowa amadzi onyika mu diramu ndi abwino, koma vindikirani kuti udzudzu usaswanemo. Malungo kuno ndi okwana kale.

Kapinga wa pabwalo

Ambiri timasirira kapinga wobiriwira wa m'malo ogona alendo a kunyanja, kuiwala kuti kumeneko pampu imakoka madzi tsiku lonse. Pakhomo wamba pali njira zitatu. Kusesa pabwalo mpaka mbee n'kumene tinakulira, ndipo kumathandiza kuona njoka, koma tsache limachotsa dothi la pamwamba tsiku ndi tsiku mpaka mizu ya mango ndi maziko a nyumba kuonekera. Kapinga wothirira chaka chonse ndi wokongola koma amadya madzi amene akanapita ku ndiwo. Ine ndinasankha yapakati: kapinga wathu wamba woyanga, pamalo pochepa pamene ana amasewera, amene ndimamulola kufiira m'chilimwe. Safa, amangogona, ndipo mvula yoyamba ikagwa amadzuka pasanathe sabata ziwiri.

Musamumwete mpaka pa dothi, siyani utali wa zala zitatu kuti aphimbe mbewu za udzu wina. Zomweta zisiyeni pomwepo ziolere. Kumayambiriro kwa dzinja ndimasefa manyowa a mbuzi opsa n'kuwaza mopyapyala, kenako kukokera ndi tsache kuti alowe. Pamene pagogomezeka ndi mapazi ndimabaya ndi foloko ya m'dimba kuti madzi alowe. Madzi otsukira mbale ndi osamba, ngati alibe mafuta ambiri kapena jiki, amapita pamenepo. Chenjezo limodzi: kapinga yemweyu akalowa m'bedi la ndiwo ndi udzu woipitsitsa, kachidutswa kalikonse kamaphuka. Kumbani kangalande pakati pa iye ndi dimba, ndipo muzidula nthambi zake zoyanga mwezi uliwonse.

Ndipo zonsezi zimafuna mpanda. Anthu akangokolola, mbuzi zimamasulidwa, ndipo bedi la mpiru limene mwalisamala miyezi iwiri limatha pa ola limodzi. Wanga ndi wa bango, ndipo m'kati mwake ndabzala mzere wa gilisidiya ndi chammwamba kuti bango likadzaola mitengo idzakhale itagwirana. Sabata ino ndikuthyola masamba a gilisidiyawo kuyala pa mabedi a anyezi, ndipo mjomba wanditumizira uthenga kuti ndikatenge matumba awiri a namasupuni amene wayanika pa chulu, mvula isanawapeze.